Mawu Otsegulira Chionetsero cha Zithumwa pa Sukulu ina ku Mangochi

Wapampando wa mwambo uno, mafumu athu eni nthaka ino, mashehe, ansembe ndi abusa, a mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi aphunzitsi onse, makolo, ndi inu ana athu amene mwatisonkhanitsa lero, ndikupempha kuti mundilole ndiime pamaso panu kanthawi kochepa chabe, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mwa zonse zimene ophunzira a mbiri yakale abwereka kwa agogo awo m'midzi ya kwa Mponda, kwa Chimwala, kwa Nankumba ndi kutsidya kwa Makanjira, pali zitatu zimene ndikufuna kuti mukaziyang'ane mosathamanga: mkuzi wa khanda, umene pali timitengo tiwiri toboola pakati, kathumba kachikopa kosokedwa mbali zonse zinayi, kakuda bii ndi thukuta la zaka zambiri, kamene m'kati mwake muli pepala limene mwalimu analembapo m'Chiarabu, ndi mendulo ya Maria, yofufutika nkhope, yopachikidwa pa ulusi wa thonje. Anawa andinong'oneza kuti ziwiri mwa izi zatuluka m'nyumba imodzi, ndipo ine sindinadabwe konse.

Ife amene tinaleredwa ndi Buku Lopatulika timalidziwa dziko la Aigupto monga dziko la Farao wouma mtima ndi la njerwa zopanda udzu, koma timaiwala kuti kumenekonso kunali amayi amene ankachezera usiku wonse mwana atatentha thupi. Zaka pafupifupi 3,000 zapitazo, makolo a ku Thebes ankapita kukachisi kukapempha mawu a mulungu wawo, ndipo mlembi ankalemba lonjezo la mulunguyo pa kachidutswa kakang'ono koma kakatali ka gumbwa, yemweyu amene amamera m'madambo athu, kuti mwanayo adzatetezedwa ku njoka, ku chinkhanira, ku ng'ona, ku diso loipa ndi ku khoma logwa. Atatero ankakapinda, nakalonga m'kachibobo, nakamangirira m'khosi mwa mwana. Amayi apakati ankadalira mulungu wamkazi Taweret, amene ankamuumba ngati mvuu yoimirira ya mimba yaikulu, ya mchira wa ng'ona ndi mapazi a mkango, ndipo inu a m'mbali mwa Shire ndi Malombe, amene mumadziwa ukali wa mvuu yoyamwitsa, simufuna wokumasulirani chifukwa chake anasankha nyama imeneyo. Ngakhale mafumu sankapita kumanda chimanjamanja: manda a Tutankhamun, amene Howard Carter anawapeza mu 1922, anali ndi mtembo wokulungidwa m'nsalu zodzaza ndi zithumwa.

Chodabwitsa china cha anthu amenewa n'chakuti mulungu watsopano akatchuka, sankathamangitsa wakale, koma ankawamanga pamodzi. Amun wa ku Thebes anamuphatikiza ndi Ra, mulungu wa dzuwa wa mzinda wa On, kumene apongozi ake a Yosefe anali wansembe, nakhala Amun-Ra. Ndipo Agiriki atalanda dzikolo, m'masiku a mfumu Ptolemy woyamba, ku Alexandria kunakwezedwa Serapis, wochokera kwa Osiris ndi ng'ombe yopatulika Apis koma wovala ndevu za Chigiriki. Mfumu imodzi yokha, Akhenaten, cha m'ma 1350 Khristu asanabadwe, ndi imene inayesa kuthetsa zonsezi, nilamula kuti anthu apembedze mulungu Aten yekha, nimanga likulu latsopano pamalo amene lero akutchedwa Amarna. Koma taonani, ofukula zakale atakumba m'nyumba za antchito a mumzinda womwewo, anapezamo tizithumwa ta Bes ndi Taweret, alonda a amayi ndi makanda. Lamulo linamveka pabwalo la mfumu, koma kuchipinda kumene mzamba ankagwira ntchito yake silinalowe. Madzi saiwala khwawa.

Mashehe ndi abusa, musandimve molakwa. Msilamu ndi Mkhristu onse amavomereza Mulungu mmodzi, ndipo palibe mwa iwo amene angalole kuti Iye aphatikizidwe ndi wina monga ankachitira ku Thebes. Chimene ndikunena n'chakuti chipembedzo chilichonse chimene chinafika pa nyanja ino chinapeza anthu ali kale ndi miyambo yawo, ndi mantha awo, ndi njira zawo zotchinjirizira ana. Chisilamu chinabwera ndi amalonda a ku Kilwa ndi Zanzibar, ndipo mfumu Makanjira itachilandira cha m'ma 1870, mafumu ena a Chiyao anatsatira, nafuna alembi odziwa Chiarabu, olemba makalata a malonda komanso mapepala oteteza munthu paulendo ndi pankhondo. Pambuyo pake aphunzitsi onga Shehe Abdallah Mkwanda ndi Shehe Thabit Ngaunje anachifalitsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Chinamwali cha anyamata sichinafe, koma lupanda linasanduka jando. Mwambo wokumbukira omwalira sunafe, koma unapitirira m'sadaka. Ndipo mkangano wa pakati pa okonda sikiri pamaliro ndi a sukuti, ofuna kuti maliro aziyenda mwachete, unali mkangano wa funso lomweli, lakuti chakale chilowe mpaka pati. Amishoni nawonso, kuyambira a Dotolo Laws amene anakocheza ku Cape Maclear mu 1875 kufikira a ku Malindi, ankauza ofuna ubatizo kuti ataye zithumwa zawo, ndipo ambiri anatayadi; koma agogo a mwana wobadwa m'banja lomwelo ankadikira kuti mphunzitsi atembenuke, namangirira mkuzi kunsi kwa malaya.

Kunena zoona, ine sindikhulupirira kuti kachikopa kangaletse malungo, ndipo zimandiwawa mtima ndikaona ukonde wa udzudzu, umene ungatetezedi khanda, uli padoko akukokera tiana ta nsomba, pamene khandalo lagona ndi chingwe chokha m'chiuno. Komanso pali kusiyana kwakukulu pakati pa mayi womangira mwana wake kamtengo ndi munthu woipa wofuna zizimba za thupi la mnzake, amene malo ake ndi kundende. Koma wonyoza mayiyo, osayamba wafunsa kuti ndi ana angati amene anawaika m'manda asanamange chingwecho, sadzamukopa kuti apite kusikelo ya ana.

Tsono ana anga, ndikupemphani zinthu ziwiri. Musasomole tizikopato pofuna kuona za m'kati, pakuti eni ake anakubwerekani mokukhulupirirani. M'malo mwake bwererani kwa agogowo ndi kope, mukalembe amene anasoka, amene anavala, ndi chimene ankaopa. Ndipo zimene eni ake angalole, kakambiraneni ndi akuluakulu a nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum pabomapa, kuti mwina zikasungidwe pamodzi ndi mbiri yake.

Wapampando, ndi chilolezo chanu ndi cha mafumu athu, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.