Ligi ya mpira wa ku America yomwe inakafera ku Ulaya

Lero tikambeko za mpira wa ku America, uja wooneka ngati dzira, womwe osewera amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Kwawoko ndi masewero a ndalama zankhaninkhani, koma maligi omwe anayesa kuutulutsa kunja ambiri sanakhalitse.

Tiyambe ndi World Football League ya 1974. Dzina linali la dziko lonse, koma timu yomwe imayenera kukhala ku Toronto inasamukira ku Memphis isanasewere ndi kamodzi komwe, chifukwa boma la Canada linakana pofuna kuteteza ligi yakwawo. Pofika Okutobala 1975 ndalama zinatha, ligi n'kugwa mpikisano uli mkati.

Mu 1991 eni ake a NFL, ligi yaikulu ya ku America, anayambitsa World League of American Football. Matimu analipo 10: asanu ndi imodzi ku America, imodzi ku Montreal, atatu ku Ulaya. Fainali yoyamba inachitikira ku Wembley, komwe London Monarchs inaswa Barcelona Dragons 21 kwa 0 pamaso pa anthu opitirira 60,000. Koma ku America komweko anthu sankaonera kwenikweni, ndiye itatha 1992 ligi inaimitsidwa.

Inabwereranso mu 1995 ndi matimu 6, onse a ku Ulaya, ndipo mu 1998 inatchedwa NFL Europe. Tsono vuto linali apa. Kwa eni ake, ligiyi inali ngati sukulu yophunzitsira osewera omwe sanapeze malo ku America. Munthu amabwera miyezi yochepa, akachita bwino amabwerera kwawo. Kurt Warner anasewera ku Amsterdam Admirals mu 1998, chaka chotsatira n'kukhala katswiri ku St. Louis Rams mpaka kutenga chikho cha Super Bowl. Kwa iye zinayenda. Nanga sapota wa ku Amsterdam? Tangoganizani timu yanu ikusintha nkhope chaka chilichonse. Mumuimbira ndani nyimbo?

Matimu anayamba kufa imodziimodzi: ya ku England itatha 1998, ya Barcelona itatha 2003, ya ku Scotland itatha 2004. Ku Germany kokha ndi komwe anthu amadzaza mabwalo, moti mu 2007 matimu asanu mwa 6 anali kumeneko. Mu Juni chaka chomwecho Hamburg Sea Devils inagonjetsa Frankfurt Galaxy mu fainali, pasanathe sabata NFL n'kutseka ligi yonse. Malipoti ankati inkaluza ndalama pafupifupi madola 30 miliyoni pachaka. Masapota sanafunsidwe kanthu.

M'malo mwake NFL inayamba kutumiza matimu ake enieni. Mu Okutobala 2007 New York Giants inagonjetsa Miami Dolphins 13 kwa 10 ku Wembley, ndipo mu 2022 masewero otere anafika ku Munich.

Chomwe ndikufuna mutengepo n'chakuti ligi yomwe mwini wake ali kutali imatha tsiku lomwe iye watopa nayo. Masapota a ku Germany aja sanagwe ulesi. Mu 2021 kunayamba European League of Football, yodalira kwambiri osewera a ku Ulaya konko, ndipo chikho choyamba chinapita ku timu yotchedwanso Frankfurt Galaxy, itagonjetsa Hamburg Sea Devils.

Amene ali ndi funso, tsopano mwayi ndi wanu.