Buku la Makhadi Akale: Chuma cha Banja

 Nkhani yathu lero ndi ya makhadi akale amene ali pansi pa sutikesi kapena pakati pa masamba a Baibulo: a Khrisimasi, a Chaka Chatsopano, oitanira ku ukwati ndi opepesa maliro. Ambiri timawasunga kufikira tsiku losamuka nyumba, ndipo tsikulo amapita kudzala kapena amakolezera mbaula. Tifuna kukuonetsani m'mene mungawasonkhanitsire m'buku limodzi lopanga ndi manja anu.

Mwina mufunsa kuti phindu lake n'chiyani. Ganizani za mbiri ya malo anu. Miyala ya mkuwa ya pa Bwana Mkubwa inadziwika kwa Azungu m'chaka cha 1902, pamene William Collier ndi Jack Donohoe anafika pamalopo, ndipo njanji inafika mu 1909. Mgodiwo unatsekedwa mu 1931, unatsegulidwanso m'zaka za m'ma 1970, nutsekedwanso mu 1984. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse panali msasa wa anthu othawa nkhondo ochokera ku Poland, ndipo iwonso anabalalika nkhondo itatha. Tsono Bwana Mkubwa ndi malo a anthu obwera ndi kupita. Ntchito ikatha, wina ankapita ku Luanshya kapena ku Mufulira, wina nabwerera kwawo ku Katete, ku Petauke kapena ku Malawi. Chimene chinkalumikiza abale obalalika chotere ndi positi ofesi. M'mabanja ambiri, khadi la mizere itatu ndilo pepala lokhalo lotsala pamene pali dzanja la agogo. Likapsa, palibe kwina kokalipeza.

Ntchito yoyamba ndiyo kusankha. Yalani makhadi onse pamphasa, muwapukute fumbi ndi kansalu kouma. Amene ali ndi chinyezi muwaumitse pamthunzi, pakuti dzuwa limafufutitsa inki. Kenaka muwandandalike, kaya motsata zaka, kaya motsata amene anawatumiza.

Envulopu musataye, chifukwa ndiyo mboni ya nthawi. Sitampa yolembedwa kuti Rhodesia & Nyasaland ndi ya nthawi ya Chitaganya, chimene chinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963. Yolembedwa kuti Zambia siingakhale ya kale kuposa Okutobala 1964, ndipo ya mtengo wa mangwee ndi ya kuyambira mu 1968, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Chidindo cha positi chingakuuzeninso malo: Fort Jameson ndiye Chipata, Broken Hill ndiye Kabwe, Bancroft ndiye Chililabombwe. Ana a masiku ano sadziwa maina amenewa, choncho muwalembere.

Zipangizo zake n'zosavuta kupeza: mapepala olimba osalembapo, katoni yokhuthala, chidutswa cha chitenje, singano yaikulu, ulusi wolimba, lumo, pensulo ndi guluu pang'ono. Dulani mapepala onse mofanana, akule kuposa khadi lalikulu pa onse. Pindani mapepala anayi pakati, wina m'kati mwa mnzake, muboole mabowo atatu pamzere wopindawo. Lowetsani ulusi pabowo lapakati, mutulukire lakumwamba, mudumphe kufika lakumunsi, mubwerere pakati ndi kumanga mfundo. Mitolo yotere itatu kapena inayi ikwanira buku limodzi. Chikuto chake dulani makatoni awiri, muwakute ndi chitenje, kusiya mpata wa zala ziwiri pakati pawo kuti pakhale msana, ndipo musokerere mitoloyo pamsanapo. Chitenje chikakhala chimene amayi ankavala, chikutocho chidzakhalanso chikumbutso.

Tsopano imvetsani lamulo lalikulu: musamate khadi lonse papepala. Chithunzi chapatsogolo chinasindikizidwa ndi makina, ndipo anthu zikwi zambiri analandira chofanana nacho. Ngakhale khadi loyamba la Khrisimasi logulitsa, limene Henry Cole anasindikizitsa ku London mu 1843, linatuluka makope 1,000. Chimene chili chanu nokha ndi mawu olembedwa pamanja m'kati ndi kumbuyo. Choncho chekani timipata tinayi topendekera papepala, mulowetsemo ngodya za khadi, kuti lizitha kuchotsedwa ndi kuwerengedwa. Envulopu muimate kumsana kwake kokha kuti ikhale thumba.

Pewani selotepi, pakuti pakapita zaka imasanduka yachikasu ndi kusiya banga losachoka. Mapini ndi timawaya tomangira mapepala timachita dzimbiri. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino, koma limaitana mphemvu ndi njenjete. Bukulo likatha, mulisunge pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo muzilitsegula kawirikawiri kuti lipitidwe mphepo.

Ntchito yotsiriza ndiyo yofunika koposa. Pansi pa khadi lililonse lembani ndi pensulo dzina la wotumiza, chibale chake ndi inu, kumene anali ndi chaka chake. Izi musachite nokha. Khalani pansi ndi agogo, azakhali kapena amalume, mwana mmodzi aziwerenga mokweza, wina azilemba zimene akuluwo akumbuka. Kawirikawiri khadi limodzi limatulutsa nkhani ya ulendo wa pasitima, ya ukwati kapena ya mbale amene anachona. Paja mawu a akulu akoma akagonera, koma sangagonere ngati palibe powasunga. Musadikire Khrisimasi ikubwerayi: wodziwa dzanja lili pakhadilo ali nanu lero, ndipo sabata ino ndiyo yomufunsa.