Dzanja Cagada, Dzanja Cafufumimba

Munthu akatyoka mkono, dokotala amamuuza kuti atembenuze dzanja. Kutembenuka kumeneku kuli ndi maina awiri ocokera ku Cilatini. Cikhatho cikapenya pansi, monga pokankha ngolo, madokotala amati pronation, kucokera ku liu lakuti pronus, ndiko kugona cafufumimba. Cikapenya kumwamba, monga polandira malipiro, amati supination, kucokera ku supinus, ndiko kugona cagada.

Pakati pa cigongono ndi dzanja pali mafupa awiri, ndipo lina limagubuduka pa linzace. Akalumikizana mokhota, dzanja silitembenukanso bwino. Ngakhale sipanala idzakukanikani. Cifukwa cace mukapweteka fulumirani kucipatala, ndipo musacotse pulasitala dokotala asananene.