Mwera ndi Usipa: Mau Okambidwa kwa Anthu a ku Dedza

Ndifuna kukamba za mphepo yomweyi imene yatifunditsa mabulangete kuno kumapiri.

Abale athu a kunyanja ku Mtakataka amaitcha mwera. Imaomba kuyambira Meyi kufikira Seputembala, ndipo asodzi amaiopa chifukwa imatembenuza mabwato. Koma usipa umene mumagula pamsika wa Lobi kapena Bembeke unakula ndi mphepo yomweyi.

Tamverani chifukwa chake. Nyanja ya Malawi ndi yakuya ndithu. Kumpoto imafika mamita 700. Nsomba ndi ndere zikafa zimamira ndi kuvunda pansi, ndipo madzi a m'munsi amakhala ngati dzenje la manyowa. Tsono madzi ofunda ndi opepuka, amakhala pamwamba. Ozizira ndi olemera, amakhala pansi. Sasakanizika msanga. Manyowa aja amangokhala osathandiza kanthu, monga ndowe zosiyidwa m'khola.

Mwera ukaomba masiku ambiri umakankhira madzi apamwamba kumpoto. Tayesani kuuzira phala lamadzimadzi m'mbale: lapamwamba limathawira kutsidya, lapansi n'kutulukira pafupi ndi pakamwa panu. Momwemonso nyanja. Kumwera, cha ku Monkey Bay ndi Mangochi, kumene siili yakuya kwambiri, madzi ozizira amakwera ndi manyowa ake, mafunde n'kuwatakasa. Dzuwa likawalapo, timera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timachuluka. Tizilombo ta m'madzi timadya timerato, usipa ndi utaka n'kudya tizilomboto. N'chifukwa chake nsomba zambiri za dziko lino zimagwidwa kumwera kwa nyanja. Zotere zimachitikanso m'mphepete mwa nyanja zamchere, ku Namibia ndi ku Peru.

Kapena wina ati, “Ngati nyanja ifuna manyowa, ndiye kuti dothi la m'minda yathu limene mtsinje wa Linthipe umakokolola likuithandiza.” Iyayi, bambo. Matope amatchinga kuwala kwa dzuwa, ndiponso amakwirira zisa zimene nsomba ya chambo imakumba pamchenga poswana. Mwini mundanso amatsala ndi miyala yokhayokha.

Choncho pokonza minda chaka chino, mizere ipingase phiri, ndipo musalime kufikira m'mphepete mwa mtsinje. Siyani udzu ndi bango zimere. Inu aphunzitsi, mbale ndi phala sizisowa. Kaonetseni ana asukulu mmene mwera umachitira.