KUTSOGOLERA MZINDA WAUNG'ONO NDI MTIMA WOLIMBA

(Mau olankhulidwa kwa mamembala pa msonkhano wa pacaka)



Ndithokoza komiti pondipatsa danga lakuti ndilankhule za mzinda wathu wa Zomba ndi za anthu amene timawasankha kuti autsogolere. Ine ndine kalaliki cabe, wozolowera kulemba zonena ena. Koma popeza mwandiimika pano, ndinena cinthu cimodzi. Mtsogoleri wa mzinda waung'ono ayenera kukhala wa ciyembekezo, ndipo ciyembekezo caceco cikhale comangidwa pa zinthu zooneka ndi maso, osati pa mau okoma okha.

Tiyambe ndi bala limene ambiri a ife tikali kulisisita. Kuyambira mu 1891, m'masiku a Harry Johnston, Zomba anali likulu la dziko lino. Mu 1975 Boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo mu 1994 Nyumba ya Malamulo inatsatira. Makalaliki anapita, mabanja ao anapita, ndi malonda amene anali kudalira malipiro ao anacepa. Pa ciwerengero ca anthu ca mu 2018 mzinda uno unapezeka ndi anthu 105,013, pamene Lilongwe anali ndi anthu oposa 989,000. Izi nzoona, ndipo palibe cifukwa cozibisira. Koma madzi akatayika saoleka. Mfumu ya mzinda kapena khansala amene nthawi zonse ayamba mau ace ndi kulira likulu lotayika, aphunzitsa anyamata athu kuti mwai uli kwina, ndipo iwo adzanyamula katundu nadzapita.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Tsono tiwerenge zimene zili pamphuno pathu. Mu 1973 Chancellor College inasamuka ku Blantyre kudza kuno, ndipo kuyambira mu 2021 ndiyo icedwa University of Malawi. Ophunzira ace afuna nyumba zogona, cakudya, zobvala ndi magalimoto. M'menemo muli nchito ya anthu ambiri osalowa m'kalasi. Kuno kuli nyumba yosungira makalata akale a dziko lonse, ofesi yaikulu yowerenga anthu, ndi bungwe loona mayeso a sukulu. Kuli asilikari ku Cobbe Barracks, ndi cipilala cokumbukira a King's African Rifles. Pamwamba pathu pali phiri, lokhala ndi Ku Chawe, dzenje la Chingwe, ndi malo amene Mfumu Haile Selassie wa ku Ethiopia anaimapo mu 1965 napenya cigwa conse. Kum'mawa kuli nyanja ya Chilwa yotipatsa matemba ndi mpunga. Ndipo mu 2008 Zomba anapatsidwa ulemu wochedwa mzinda. Mtsogoleri wodziwa kuwerenga cuma cotere pamaso pa alendo ndi amalonda sanena bodza. Angouza anthu zimene anaziiwala.

Sitili oyamba kulandidwa likulu. Tauni ya Livingstone, ku Zambia, inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira mu 1911 kufikira mu 1935, pamene Boma linapita ku Lusaka. Eni ace anapenya cimene sicikanasamuka, ndico mathithi a Mosi-oa-Tunya, namangapo moyo wa tauni yao pa kulandira alendo. Phiri lathu nalonso silingakwezedwe pa lole kupita ku Lilongwe.

Koma pano ndipempha mundimvetse bwino. Kutama mzinda sikutanthauza kutseka maso. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ndipo zimene aziona m'masiku ace awiri ndizo akazinena kwao. Mtsogoleri angathe kulankhula bwino pa wailesi, koma mlendo akapeza zinyalala zaunjikana pa msika, zimbudzi zotsekedwa, mseu wa maenje ndi nyali zosayaka usiku, adzakhulupirira maso ace koposa wailesi. Cimodzimodzinso phiri limene tilinyadira: mitengo yace yatha m'malo ambiri ndi nkhwangwa, makala ndi moto wolusa, pamene madzi amene timwa m'mipope acokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pomwepo. Wotama phiri osateteza mitengo yace ali ngati munthu wotama nkhokwe imene ciswe cili kuidya.

Cifukwa cace ndinena kuti mtima wolimba wa mtsogoleri uyesedwa pa nchito zazing'ono. Khonsolo ipeza ndalama pa msonkho wa malo ndi nyumba, pa ziphaso za mumsika, pa malaisensi a masitolo, ndi pa thandizo la Boma. Ndalamazi nzocepa, ndipo zofuna nzambiri. Mtsogoleri wanzeru asankha nchito ziwiri kapena zitatu zimene angathe kuzitsiriza, anena poyera mtengo wace, ndipo akatha aonetsa anthu m'mene ndalama zayendera. Mai wogulitsa tomato akaona kuti ciphaso cace cagula denga la msika, mawa adzalipira osakangana. Ciyembekezo cimabadwa motero, ndipo cikabadwa cimayenda cokha pakamwa pa anthu, osafuna kulengezedwa.

Pali cinanso coti tikumbukire. Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yoyendetsa zinthu za kwao. Koma kuyambira mu 2005 kufikira mu 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala osankhidwa, ndipo wofuna kudandaula za ngalande kapena za mlatho analibe munthu wace womutuma. Mpando umene unakhala wopanda munthu zaka zonsezo tisaupepule lero. Woukhalapo apirire mau opweteka, pakuti wodandaula ndiye amene akali ndi cikondi pa mzinda. Woleka kudandaula ndiye amene wataya mtima.

Potsiriza, nditembenukira kwa ife eni, mamembala a bungwe lino. Mutu umodzi susenza denga. Ndipempha kuti m'caka cikudzaci ticite zinthu zitatu. Coyamba, tilipire msonkho wathu pa nthawi yace, kuti tikhale ndi nkhope yofunsira m'mene wagwirira nchito. Caciwiri, titume anthu athu ku misonkhano ya khonsolo, nabwere kudzatiuza zimene amva. Cacitatu, mvula ikayamba tikabzale mitengo m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa Likangala, ndi kuisamala kufikira itakula. Tikatero, mtsogoleri wathu akaimirira kutama Zomba, sadzakhala yekha, ndipo mau ace adzakhala ndi mboni.