MTIMA NDI NZERU ZA MKULU WA NTCHITO

Ana anu ambiri amapita ku Blantyre kukafuna ntchito, nakhala ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa. Ena a inu mumasonkha ndalama kuti mutsegule sitolo kapena chigayo. Tsono ndifuna tiganizire za munthu mmodzi amene ntchito yonse imatsata khalidwe lake, ndiye manijala.

Tiyambe ndi dzina lodziwika la Mandala. M'chaka cha 1878 anthu a ku Glasgow anayambitsa kampani ya malonda, natuma abale awiri, John ndi Frederick Moir, kudzaiyendetsa kuno. John ankavala mandala m'maso, ndipo anthu anatcha kampani yonse dzina la mandala akewo. Nyumba imene anamanga mu 1882 ikalipobe mu Blantyre. Abalewa anali olimba mtima, nayendetsa sitima pa Shire ndi pa nyanja. Koma kuyambira 1887 mpaka 1889 analowetsa kampani m'nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogula akapolo wa ku Karonga, ndipo onse awiri anavulazidwa. Cholinga chinali chabwino, komatu chuma cha kampani chinaphwa, kotero kuti pambuyo pake inadalira ndalama za Cecil Rhodes. Kulimba mtima kumafuna mnzake, ndiye kuwerengera ndalama.

Nkhani yachiwiri ndi yachisoni. Ku Magomero, pa minda ya A. L. Bruce, manijala anali William Jervis Livingstone. Iye ankakwapula antchito, kuwamana malipiro oyenera ndi kuumiriza anthu thangata. Anatenthanso matchalitchi a anthu a John Chilembwe. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu anamuukira namupha, ndipo bungwe lofufuza limene Boma linaika linapeza kuti anthu a pa mindayo ankazunzidwadi. Munthuyu ankadziwa kulima thonje, koma sanadziwe kukhala ndi anthu.

Kodi izi zikukhudza makampani aakulu okha? Iyayi. Kaoneni amisiri a matabwa ndi a malata ku Ndirande. Awiri angakhale ndi macheka ofanana ndi msika umodzi. Wina anyamata ake amakhala naye zaka, chifukwa amawalipira pa tsiku lake, ndipo akalakwa amawadzudzula pambali. Mnzake amakalipa pagulu, nasakaniza ndalama za ntchito ndi za mowa. Anyamata ake amabisa zolakwa poopa kutukwanidwa, mipando imatuluka yokhota, ndipo ogula sabweranso.

Chifukwa chake posankha woyendetsa sitolo kapena chigayo chanu, musayang'ane ubale kapena Chingerezi chake chokha. Funsani zinthu zitatu. Kodi amalemba m'buku ndalama zolowa ndi zotuluka, nalola ena kuliona? Kodi amamvera wamng'ono akamuuza kuti apa palakwika? Kodi zinthu zikaipa amavomera mlandu, kapena amaukankhira kwa antchito? Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Inunso aphunzitsi, mamanijala a mawa ali m'makalasi mwanu. Pophunzitsa masamu, aphunzitseninso kuleza mtima ndi kunena zoona.