Mtengo wa feteleza umayambira kudoko

Mawu amene mlangizi wakale wa zaulimi adayankhula pamsonkhano wa makalabu a alimi kwa Katuli, m'boma la Mangochi



Pamene ndinkayenda panjinga m'midzi muno monga mlangizi, funso lanu linali limodzi: "Alangizi, bwanji feteleza akungokwera pamene nandolo wathu akugwa mtengo?" Lero ndabwera ndi mbali imodzi ya yankho: njira yopitira kunyanja yamchere.

Feteleza wambiri amene timathira m'minda amachokera kunja pa sitima zapamadzi. Nandolo wathu amapita ku India pa sitima zomwezo. Koma Malawi alibe gombe la nyanja yamchere. Timadalira madoko a anzathu: Nacala ndi Beira ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania ndi Durban ku South Africa. Ulendo ukatalika, wolipira ndi inu, pathumba lililonse.

Ife a kwa Katuli, Nacala si nkhani yakutali. Msewu wa pa Chiponde umalowa ku Mandimba, kudzera ku Cuamba ndi Nampula mpaka kudokolo. Njanji yodzera pa Liwonde ndi Nayuchi idatsegulidwa mu 1970. Nkhondo ya ku Mozambique itaitseka m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, ndipo makolo athu adamva kuwawa kwake.

Tikumbukirenso za ku Nsanje. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegula doko kumeneko kuti katundu aziyenda pa Shire ndi Zambezi. Koma boma la Mozambique lidagwira bwato limene lidanyamula feteleza, ponena kuti kafukufuku wa zachilengedwe achitike kaye. Doko lija silidagwire ntchito. Phunziro lake nali: sudutsa pakhomo pa mnzako osaodira. Pangano la United Nations la 1982 limapatsa maiko opanda gombe ufulu wofika kunyanja, komabe limati za kadutsidwe kake muzigwirizana ndi mwini njira.

Mu Okutobala 2023 atsogoleri a Malawi, Mozambique ndi Zambia adakumana ku Nacala n'kusainirana mapangano a njira imeneyi. Mu 2024 mafuta adafikanso ku Lilongwe pa sitima yapamtunda. Koma kumapeto kwa chaka chomwecho, zipolowe za chisankho ku Mozambique zidasokoneza mayendedwe a katundu. Mtendere wa mnansi ndi chakudya chathu.

Msika nawonso umadalira zokambirana. Mu 2017 India adachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo kuno n'kugweratu. Mu 2021 dzikolo lidagwirizana ndi Malawi kuti lizilola matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Kodi mlimi wa kwa Katuli adauzidwa? Adapindula ndi ndani, inu kapena mavenda?

Tsono tipemphe zinthu zitatu. Choyamba, alimi akhale ndi mpando pamene boma likukambirana za madoko ndi misika. Chachiwiri, feteleza azibwera panjanji nthawi yabwino, mvula isanagwe, ndipo boma litiuze poyera ndalama zimene zapulumuka. Chachitatu, makalabu athu azigulitsa nandolo pamodzi, kuti tikhale ndi mawu pamtengo.

Mutu umodzi susenza denga. Aphungu athu akabwera, tisangowafunsa za makuponi okha. Tiwafunsenso za njira ya ku Nacala.